Kubzala Zomera za Masamba a Mawanga pa Mthunzi: Phunziro la Alimi a ku Mzuzu

Pa nyumba iri yonse pali malo amodzi amene mwini wace anawataya mtima. Ndiwo malo a pansi pa mtengo wa mango kapena wa mapeyala, ndi kuseri kwa nyumba kumene dzuwa silifika. Cimanga sicibala pamenepo, tomato amangotalika osabereka, ngakhale kapinga yemwe amakana. Tsono amai amasesapo m'mawa uli wonse, ndipo tsache licotsa dothi pang'ono lero, pang'ono mawa. Mvula ikadza itenga lotsalalo, kufikira mizu ya mtengo ikhala pamtunda ngati nthiti za ng'ombe yoonda. Phunziro lino liri la malo otere. Tifuna kuonetsa kuti ziripo zomera zimene zikonda mthunzi, zimene ziphimba nthaka, zikongoletsa pakhomo, ndiponso zikhoza kubweretsa ndalama kwa mlimi wosamala.

MZUZU NDI NYENGO YACE

Mlimi ayenera kuyamba wadziwa dziko lace asanadziwe mbeu. Mzuzu uli pa mtunda wa mamita pafupi 1,250 kucokera pa nyanja ya mcere, m'mphepete mwa mapiri a Viphya. Unayamba kukula kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, pamene kunatsegulidwa minda ya mitengo ya tung imene njere zace zinali kufinyidwa mafuta, ndipo unakhala mzinda m'caka ca 1985. Mvula ya kuno ifika mamilimita 1,200 kapena kuposa pa caka, ndipo icedwa kutha. Pamene anzathu a ku Lilongwe ayamba kusanja cimanga m'mwezi wa April, kuno mvula ikali kugwa ndi mphamvu, ndipo m'miyezi ya June ndi July kumakhala nkhungu ndi mvula yowaza. Usiku wa miyezi imeneyi kumazizira kufikira madigiri 7 kapena kucepera, ndipo m'madambo cisanu cimagwa zaka zina.

Nyengo yotere ikoma kwa zomera za masamba ofewa. Koma nthaka yambiri ya kuno iri yofiira, yowawasa, ndi yosauka cakudya pokhapokha mlimi aithire manyowa. Ndiponso malo ambiri ali otsetsereka, monga adziwa bwino anthu a ku Masasa. Zonsezi tidzazikumbukira pokonza munda wathu.

DUWA LOCHEDWA HOSTA

Ena mwa inu munaona m'mabuku kapena pa intaneti cithunzi ca kaduwa kakafupi ka masamba onga mtima, obiriwira pakati ndi oyera kapena acikasu m'mphepete, kokhala mwa mtendere pansi pa mitengo. Dzina lace ndi hosta. Kwao kweni kweni ndi ku Japan, ku Korea ndi ku China. Dzinalo linaperekedwa m'caka ca 1812 pocitira ulemu Nicolaus Host, sing'anga wa ku Austria amene anali katswiri wa zomera. Munthu amene anatumiza mitundu yambiri ku Ulaya ca m'ma 1830 ndiye Philipp von Siebold, dotolo wa ku Germany amene anagwira nchito ku Nagasaki. Lero mitundu ya m'minda yafika zikwi zingapo, ina yaikuru ngati koko, ina yaing'ono yokwana m'cikhatho. Umodzi mwa mitundu yaing'ono yodziwika ndiwo Golden Tiara, umene unalembedwa m'kaundula ku America m'caka ca 1977.

Funso ndi ili: kodi hosta angakule ku Mzuzu? Yankho liyenera kunenedwa poyera kuti wina asataye ndalama zace. Hosta ndi mwana wa maiko a cisanu coopsya. Nyengo yozizira ikafika masamba ace onse amafa, ndipo phata lace ligona pansi pa nthaka. Kuti adzuke ndi mphamvu, afunika kugona milungu ingapo yotsatizana m'kuzizira kwa madigiri 5 kapena kucepera. Kuno usiku umazizira ndithu, koma dzuwa likakwera kumafundanso, kotero tulo ta hosta sitikwanira. Kawiri kawiri m'maiko ofunda iye amaphuka bwino caka coyamba, caka caciwiri masamba acepa, caka cacitatu atsala awiri kapena atatu, kenaka azimirira. Mtundu umene upirira kufunda koposa unzace ndiwo Hosta plantaginea wa ku China, wa maluwa oyera onunkhira amene amatseguka madzulo.

Pali cenjezo linanso. Nkoletsedwa kulowetsa mbeu kapena zomera m'dziko muno popanda cilolezo ca a Unduna wa Zamalimidwe ndi kalata yocitira umboni kuti mbeuyo iribe matenda. Lamulo limeneli siliri lozunza anthu cabe. Hosta ali ndi matenda ace a kacirombo kochedwa Hosta Virus X, amene anazindikirika ku Minnesota m'caka ca 1996, ndipo alibe mankhwala. Ife a kumpoto tidziwa kale zimene matenda obwera amacita. Cisaka cinalowa m'dziko muno m'zaka za m'ma 1990, cinayenda ndi nsabwe za m'masamba ndi ana a nthoci amene anthu anali kupatsana mwa cikondi, ndipo cinapululutsa minda ya ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay. Musabise phata la duwa m'cikwama pocokera ku Johannesburg.

MBALE WACE WA KUNO KWATHU

Mlimi asadandaule, pakuti hosta ali ndi mbale wace amene kwao ndi kuno ku Africa. Akatswiri amamucha Chlorophytum comosum. Iye, hosta ndi khonje ali a banja limodzi. Amamera yekha m'nkhalango za kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa, ndipo Carl Thunberg wa ku Sweden ndiye anayamba kumlemba m'mabuku m'caka ca 1794. Angelezi anampatsa dzina la kangaude, ndipo ku South Africa amamucha nkhuku ndi anapiye ace, cifukwa amaturutsa timapesi tatitali tonyamula ana kunsonga. M'phunziro lino tidzamucha duwa la kangaude. Ambiri muli nalo kale m'zitini pa khonde osadziwa mbiri yace.

Masamba ace ali atali ndi opyapyala ngati a mpunga, opindikira pansi, ndipo msinkhu wace ufika masentimita 30 kapena kuposa pang'ono. Mitundu ya mawanga iri iwiri yodziwika. Wina uli ndi mzere woyera pakati pa tsamba, ndiwo Vittatum. Wina uli ndi mizere yoyera m'mphepete, ndiwo Variegatum. Mukazula mudzaona mizu yoyera yonenepa ngati tizinangwa tating'ono. M'menemo ndimo asunga madzi, ndipo ndico cifukwa cace apirira cilimwe. Safuna tulo ta cisanu monga hosta, ndipo akhala wobiriwira caka conse.

Ziripo zinanso zoyenera mthunzi wa ku Mzuzu. Caladium, wocokera ku South America, ali ndi masamba onga a koko koma ofiira ndi oyera. Iye amafota m'nyengo yozizira naphukanso ndi mvula. Sansevieria ali ndi masamba olimba oima ciriri ngati malupanga, a mkombero wacikasu, ndipo apirira malo ouma. Malangizo a m'munsimu athandiza pa zonsezi, ndi pa hosta yemwe kwa iye amene anampeza m'njira yoyenera.

CIFUKWA NINJI TSAMBA LIKHALA NDI MAWANGA?

Mlimi akamvetsa ici, malamulo onse otsatira adzawaona kuti ali ndi nzeru. Cobiriwira ca m'tsamba ndico khichini la comera. M'menemo comera ciphika cakudya cace ndi kuwala kwa dzuwa, madzi ndi mpweya. Mbali yoyera ya tsamba iribe cobiriwiraco, kotero siphika kanthu. Ingodya zimene mbali yobiriwira yaphika. Iri ngati mlendo wobvala bwino amene sagwira khasu.

Pa ici paturuka zinthu zinai. Coyamba, comera ca mawanga cikula pang'ono pang'ono koposa cinzace cobiriwira. Caciwiri, mbali yoyera ipsya msanga ndi dzuwa la masana, nisanduka yofiirira ngati pepala lowauka. Cacitatu, mthunzi ukacuruka kopambana comera cimva njala, ndipo mawanga azirala. Cacinai, nthawi zina paphata paturuka mphukira yobiriwira yokha yokha. Imeneyi iri ndi mphamvu koposa zinzace, ndipo mukaileka idzalanda malo onse kufikira mawanga atheratu. Iduleni ndi mpeni pa phata peni peni tsiku lomwe mwaiona.

KUSANKHA MTHUNZI

Mithunzi siri yofanana. Wabwino koposa ndiwo mthunzi wa mawanga mawanga, umene kuwala kudontha pakati pa masamba, kapena malo amene alandira dzuwa la m'mawa kufikira 10 koloko nakhala pa mthunzi masana onse. Yesani cotere: masana tambasulani dzanja lanu pamwamba pa nthaka. Ngati cithunzithunzi ca zala cioneka cakuthwa, dzuwa lacuruka. Ngati cioneka cozirala koma cizindikirika, malowo ali abwino. Ngati sicioneka konse, mdima wacuruka, ndipo muyenera kusadza nthambi za m'munsi za mtengowo. Mango ndiye acita mdima wotere kawiri kawiri.

Pansi pa mapeyala ndi pakati pa nthoci pali pabwino. Pansi pa bulugama ndi paini pali pobvuta, cifukwa mizu yace imwa madzi onse nisiya nthaka youma. Ngati mulibe malo ena, bzalani m'zitini kapena m'miphika, nimuike pamwamba pa njerwa kuti mizu ya mtengo isalowe. Cenjeraninso ndi mitengo ya cilengedwe monga mombo ndi tsamba. Imeneyi iyoyola masamba m'miyezi ya August ndi September, ndiyo nthawi imene dzuwa liyamba kuwawa. Mthunzi umene munaudalira m'dzinja ucoka pamene uli kufunika koposa. Pamenepo mangani cisakasa ca udzu wopyapyala pa mapanda a mita imodzi, monga acitira alimi a khofi pa nazale zao ku Misuku ndi ku Phoka.

Mabuku a ku Ulaya amati bzalani kumpoto kwa nyumba. Musawatsate pa mau amenewa, pakuti analembera anthu a tsidya lina la dziko. Mzuzu uli madigiri 11 ndi theka kum'mwera kwa mzere wa pakati pa dziko. Dzuwa la masana liima pamutu peni peni kawiri pa caka, ca pa 23 October ndi ca pa 20 February. Kuyambira kumapeto kwa February kufikira October lipendekera kumpoto, kotero mthunzi wa nyumba ugwera kum'mwera kwa miyezi 8. Mbali ya kum'mwera ndiyo yozizira kuno, ndipo yotsatira ndiyo ya kum'mawa. Mbali ya kumadzulo ndiyo yoipa koposa zonse.

Siyani mpata wa mita imodzi pakati pa bedi ndi khoma la nyumba, makamaka ngati nyumbayo iri ya zidina. Madzi othirira tsiku ndi tsiku afewetsa maziko, ndiponso madzi ogwa pa malata akumba mizu.

KUKONZA BEDI

Kwao kwa zomerazi ndi pansi pa nkhalango, pamene masamba agwa caka ndi caka naola. Nchito ya mlimi ndiyo kupanga nthaka yonga imeneyo: yakuda, yofewa, yosunga cinyontho koma yosaima madzi.

1. Timbani nthaka kuya kwace masentimita 25 kapena 30, ndiko kunena phazi limodzi. Mukakomana ndi muzu waukuru wa mtengo musaudule, ulambalaleni.

2. Sakanizani ndowa 2 za dothi la pamwamba, ndowa 1 ya kompositi kapena manyowa oola bwino, ndi ndowa 1 ya mcenga wa kumtsinje. Manyowa oola bwino sanunkha, satentha m'manja, ndipo afumbutuka. Zitosi za nkhuku zaziwisi ziocha mizu. Zisiyeni pa mulu miyezi 3.

3. Phulusa la nkhuni licepetsa kuwawasa kwa nthaka, koma lokwana dzanja limodzi pa mita iri yonse likwanira. Lambiri liononga.

4. Kwezani bedi masentimita 15 pamwamba pa nthaka. Walira mvula walira matope, ndipo matope a April aoletsa mizu imene iri m'dzenje.

5. Musaunjike dothi pa tsinde la mtengo. Siyani mpata wa theka la mita kuzungulira tsindelo, kuti khungwa lisaole.

6. Pa malo otsetsereka bedi ligone mopingasa, osati motsata kutsetsereka, ndipo kumunsi kwace kuchingidwe ndi miyala kapena mzere wa udzu wa vetiva.

Pano tinene zoona zace. Zomera zazing'onozi ziletsa madontho a mvula kumenya nthaka, ndipo zicepetsa kukokoloka kwa dothi la pamwamba. Koma sizingagwire phiri. Mvula ya April 2016 inagwetsa nyumba zambiri mu Mzuzu, ndipo pa malo oopsya otere pafunika ngalande zabwino, mitengo, ndi malangizo a akatswiri a zomangamanga. Maluwa athandiza, koma salowa m'malo mwa zimenezo.

KUBZALA

Nthawi yabwino ndiyo December kapena January, mvula itakhazikika. Sankhani tsiku la mitambo, kapena bzalani madzulo. Talikitsani mapando masentimita 30 mbali zonse. Bedi la mita 1 m'lifupi ndi mamita 3 m'litali lilandira mizere 3 ya zomera 10, ndizo 30 pamodzi. Poyamba padzaoneka mipata, koma musathinikize; pofika dzinja lotsatira masamba adzakhudzana.

Samalani kuya kwace. Pamene masamba akomana ndi mizu, ndipo pamene ticha phata, payenera kulingana ndi nthaka. Mukakwirira phata lidzaola. Mukalisiya pamwamba lidzauma. Yalani mizu bwino m'dzenje, bwezerani dothi, tsinderani ndi zala, ndipo thirirani pomwepo ngakhale kuli mvula, kuti dothi ligwirane ndi mizu. Potsiriza phimbirani ndi masamba ouma kapena udzu wopanda njere, kucindikala kwace zala zitatu, koma zophimbirazo zisakhudze phata.

KUCURUKITSA MBEU

Musataye nthawi ndi njere. Njere za comera ca mawanga kawiri kawiri zibala ana obiriwira okha okha, kapena oyera okha okha amene amafa ali akhanda. Njira zoona ziri ziwiri.

Yoyamba ndiyo kugawa phata. Comera cikakwanitsa zaka 2 kapena 3, cizuleni conse ndi dothi lace, sansani dothilo, ndipo mudzaona kuti muli mitu ingapo. Lekanitsani ndi manja kapena ndi mpeni wakuthwa, cigawo ciri conse cikhale ndi mizu yace ndi masamba osacepera 3. Bzalani tsiku lomwelo. Tsukani mpeni ndi sopo musanapite pa comera cina, nimuubviike m'madzi a Jik, muyeso 1 wa Jik pa miyeso 9 ya madzi. Matenda ambiri ayenda ndi madzi a comera otsalira pa mpeni. Hosta, caladium ndi sansevieria onse acurukitsidwa m'njira imeneyi. Za sansevieria dziwani ici: mukadula tsamba lace ndi kulizika lidzamera ndithu, koma mwana wace adzakhala wopanda mkombero wacikasu. Mkomberowo usungika pogawa phata pokha.

Yaciwiri iri ya duwa la kangaude lokha, ndipo iri yapafupi kotero kuti mwana wa sukulu akhoza. Dzazani cubu kapena citini cobooledwa pansi ndi dothi losakaniza lija, ciikeni pafupi ndi mai wace, nimukhazike mwana wa kunsonga pa dothilo osamdula. Mpanikizeni ndi kawaya kopinda kapena kamtengo ka mphanda. Pakapita milungu 2 kapena 3 mkokeni pang'ono. Akakana kuzuka, wagwira. Pamenepo dulani phesi. Mwana woyamwa kufikira atamera mizu yace safota monga wodulidwa msanga.

KUTHIRIRA NDI KUDYETSA

Ambiri amapha maluwa ndi madzi koposa ndi ludzu. Pisani cala m'dothi kufikira mfundo yaciwiri. Mukamva cinyontho, lekani. Mukamva kuuma, thirirani. Kuthirira kokwanira kawiri pa mlungu kuposa kuwaza pang'ono tsiku liri lonse, pakuti madzi ocepa aitanira mizu pamwamba. Thirirani m'mawa ndi pa nthaka, osati pa masamba. Kumbukirani kuti pansi pa mtengo wa masamba ambiri pakhoza kukhala pouma ngakhale mvula yagwa.

Nsonga za masamba a kangaude zikayamba kupsya, kawiri kawiri cifukwa cace ndi kuuma, kapena mcere wa feteleza, kapena mankhwala a m'madzi a pa mpopi. Madzi a mvula otungidwa pa malata ndiwo abwino koposa. Madzi a sopo ocapira zobvala asathiridwe pa bedi.

Cakudya cace ceni ceni ndi kompositi. Thirani yokwana manja awiri kuzungulira comera ciri conse kawiri pa caka, mu December ndi mu March. Feteleza wa cimanga monga urea asafike pano mwacisawawa. Iye akulitsa masamba ofewa amene nkhono zikonda, ndipo akagwera pa phata aliocha.

ADANI

Mdani wamkuru ndiye nkhono, ya cigoba ndi yopanda cigoba yomwe. Malo a mthunzi ndi a cinyontho ndiwo mudzi wace. Idya usiku, nisiya mabowo m'masamba ndi njira yonyezimira. Ikonda hosta ndi caladium koposa, ndi ana ang'ono a m'macubu. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo kuigonjetsa komwe nkudekha. Turukani ndi nyali usiku mvula itagwa, nimuzitole. Cherani misampha: ikani thabwa lonyowa kapena makoko a papaya pakati pa bedi madzulo, ndipo m'mawa mudzazipeza zitasonkhana kunsi kwace. Kapena kwirirani citini ca masese pang'ono, mlomo wace uturukire cala cimodzi pamwamba pa nthaka. Zidzatsata fungo nizimira. Abakha azidya ndi cimwemwe. Sambani m'manja ndi sopo mukazigwira. Mankhwala a nkhono ogula ku sitolo akhoza kupha agaru ndi nkhuku, kotero asaikidwe pamene ziweto ndi ana afika.

Nkhuku zipalasa zophimbira nizifukula mizu. Mpanda waufupi wa nsungwi kapena bango uziletsa. Ciswe citsata udzu wouma m'cilimwe. Mukaciona cotsani zophimbirazo masiku owerengeka. Comera cikafota pamene dothi liri lonyowa, cizuleni muone mizu. Ikakhala yakuda ndi yonunkha, yaola. Dulani yoolayo, bzalani pa malo okwera, ndipo konzani ngalande. Comera cimene masamba ace apiringizika, kapena ali ndi mawanga acilendo osiyana ndi a mai wace, cizulidwe ndi kuochedwa. Musacitaye pa kompositi, ndipo musacipatse mnansi.

CENJEZO KWA MAKOLO

Caladium afanana ndi koko koma sadyedwa. Madzi ace aocha m'kamwa natupitsa lilime. Musambzale pafupi ndi dimba la ndiwo, ndipo ana auzidwe. Hosta nayenso adwalitsa agaru ndi amphaka akamdya. Zitini ziri zonse zibooledwe pansi, ndipo madzi asakhale m'mbale za kunsi kwa miphika, pakuti m'menemo udzudzu uswana.

Musakakumbe maluwa m'nkhalango ya Kaning'ina kapena m'nkhalango zina zotetezedwa. Lamulo liletsa, ndipo nkhalango imeneyo ndiyo isunga madzi a mtsinje wa Lunyangwa amene mzinda umwa. Wofuna kuphunzira maina ndi makhalidwe a zomera za kuno apite ku munda wa zomera wa boma wa ku Mzuzu, umene uli m'manja mwa a National Herbarium and Botanic Gardens pamodzi ndi minda ya ku Zomba ndi ku Lilongwe.

NCHITO ZA MWEZI NDI MWEZI

August kufikira October: Thirirani, onjezani zophimbira, mangani cisakasa pamene mitengo yayoyola. Unjikani kompositi.

November: Timbani mabedi atsopano. Caladium ayamba kuphuka, musamponde.

December ndi January: Gawani mapata, bzalani, thirani kompositi.

February ndi March: Palirani ndi manja, osati ndi khasu. Tolani nkhono. Khazikani ana m'macubu.

April ndi May: Tsegulani ngalande. Yang'anirani kuola kwa mizu.

June ndi July: Cepetsani madzi. Caladium ndi hosta akafota musawataye poyesa kuti afa. Zikani kamtengo pamalopo kuti mukumbukire. Okhala m'madambo aphimbe mabedi ndi udzu usiku wopanda mitambo.

PHINDU LACE

Pali ena amene amati maluwa sadyedwa. Nzoona, ndipo palibe mlangizi amene adzauza mlimi kuzula cimanga kuti abzale maluwa. Koma taonani kuti malo amene tikunenawa ndi amene cimanga cinawakana kale. Mbeu yace ndi comera cimodzi copempha kwa mnansi. Manyowa ace ndi zinyalala za pakhomo. Zitini zace ndi zotayidwa. M'mizinda yathu muli kale anthu amene agulitsa maluwa a m'macubu m'mphepete mwa miseu, ndipo ogula ndi eni nyumba zatsopano, mahotela, masukulu, maofesi ndi mipingo.

Wofuna kugulitsa asunge malamulo atatu. Asagulitse mwana amene sanagwire mizu, pakuti akafota kwa wogula, wogulayo sabweranso. Auze wogula zoona, kuti ici ndi ca pa mthunzi, ndipo ici ciri ndi ululu. Ndipo asagulitse mai. Asunge bedi limodzi la zomera zazikuru, monga mlimi wanzeru asunga mbeu m'nkhokwe ngakhale mtengo wa pa msika ukome. Alembenso m'kabuku zimene wagula ndi zimene wagulitsa.

Luso limene dzanja liphunzira pano, la kusakaniza dothi, kuyesa mthunzi, kuokera ndi kusunga mpeni woyera, ndilo lomwe lifunika pa nazale ya khofi, ya mitengo ndi ya nthoci. Mnyamata amene walera ana a kangaude 30 osataya ndi mmodzi yemwe, akhoza kupatsidwa nazale yaikuru mopanda mantha. Yambani ndi bedi limodzi dzinja lino, ndipo mukabvutika funsani mlangizi wa m'dera lanu.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA GULU

1. Cifukwa ninji hosta acepa caka ndi caka m'maiko ofunda?

2. Ndi mbali iti ya nyumba imene iri ndi mthunzi miyezi yambiri ku Mzuzu, ndipo cifukwa cace nciani?

3. Mudzacita ciani mukaona mphukira yobiriwira yokha yokha pa comera ca mawanga?

4. Bedi la mita 1 m'lifupi ndi mamita 6 m'litali lifuna zomera zingati?

5. Matenda a cisaka atiphunzitsa ciani za kupatsana mbeu?